Katemera, Mantha ndi Khungu la Munthu: Zolemba za Eula Biss

M'chaka cha 2009 mayi wina wa mu mzinda wa Chicago ku America anabereka mwana wake woyamba, wamwamuna. M'miyezi yomweyo kunabuka chimfine chachilendo chotchedwa H1N1, chimene chinayamba kuoneka ku Mexico ndi ku America, ndipo pofika mwezi wa June bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linalengeza kuti chimfinecho chasanduka mliri. Katemera wake atapezeka chakumapeto kwa chakacho, amayi a makanda amene mayiyu ankacheza nawo anagawikana pawiri. Ena ankaopa nthenda, ena ankaopa jakisoni. Onsewo anali anthu ophunzira, okonda ana awo, owerenga nyuzipepala tsiku ndi tsiku, koma pa funso lakuti mwana abayidwe kapena asabayidwe sanathe kumvana. Mayiyo anali Eula Biss, mlembi wa zimangirizo, ndipo mkangano umenewu ndiwo unabala buku lake lotchedwa On Immunity, limene linasindikizidwa mu 2014.

Eula Biss anabadwa mu 1977. Bambo ake ndi dokotala, ndipo iye mwini anaphunzitsa luso la kulemba pa sukulu ya ukachenjede ya Northwestern kwa zaka zambiri. Salemba nthano zopeka. Ntchito yake ndi chimangirizo, ndiko kuti nkhani yoona imene mlembi amatenga funso limodzi nalitembenuza mbali zonse, kufunsa akatswiri, kuwerenga mbiri yakale, ndiponso kudziyesa yekha ngati maganizo ake ali olungama. Buku lake la 2009, Notes from No Man's Land, lokamba za kusiyana kwa khungu pakati pa anthu a ku America, linalandira mphoto ya bungwe la National Book Critics Circle. On Immunity linaikidwa ndi nyuzipepala ya New York Times pa mndandanda wa mabuku khumi opambana a chaka cha 2014. Poyamba munthu angaganize kuti mabuku awiriwa akukamba zinthu zosiyana, lina za tsankho, lina za mankhwala. Koma owerenga mofatsa amaona kuti onse awiri akufunsa funso limodzi: kodi munthu akamati "ife", amawerengera yani, ndipo amasiya yani kunja?

Mantha a kholo

Biss akuyamba buku lake ndi nthano ya Agiriki akale yonena za ngwazi yotchedwa Achilles. Mayi wake wa Achilles, pofuna kuti mwana wake asadzafe, anamuviika mu mtsinje wa Styx, umene madzi ake ankalimbitsa thupi kuti mkondo usalowe. Koma pomuviika anamugwira chidendene, kotero kuti malo amenewo sanakhudzidwe ndi madzi, ndipo pa nkhondo muvi unamulasa pomwepo nafa. Phunziro limene mlembiyu akutolapo ndi lakuti palibe kholo limene lingatchinjirize mwana wake ku ngozi zonse, ngakhale litayesetsa chotani. Nthawi zonse pamatsala chidendene. Kholo limene silinavomereze choonadi chimenechi limasakasaka njira yopanda ngozi iliyonse, ndipo poona kuti jakisoni ali ndi kangozi kake, limaganiza kuti kusabayitsa ndiko kusankha chitetezo. Chimene limaiwala n'chakuti kusachita kanthu nakonso ndi kusankha, ndipo ngozi yake imaposa ya jakisoni kutalitali.

Chimene chimasiyanitsa Biss ndi alembi ena a nkhani za umoyo ndi chakuti iye sanyoza amayi amantha. Amavomera kuti iyenso anali mmodzi wa iwo, kuti usiku ankadzuka kukamvetsera ngati khanda likupuma, ndi kuti ankakayikira madzi, zoseweretsa, ngakhale matiresi ogonapo mwana. Chifukwa chake amafufuza mantha aja modekha, limodzi ndi limodzi, kuti aone pamene anachokera.

Ena mwa mantha amenewa ali ndi chaka chimene anabadwa. Mu 1998 dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, pamodzi ndi anzake, anasindikiza m'magazini ya madokotala ya The Lancet nkhani yonena za ana 12, ndipo iye anauza atolankhani kuti katemera wa chikuku wophatikiza ndi nthenda zina ziwiri angakhale akuyambitsa autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kuyanjana ndi anzake. Ofufuza a m'maiko ambiri anayesa ana mazanamazana a zikwi, koma sanapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemera ndi vutolo. Mu 2010 magaziniyo inachotsa nkhani ija, ndipo Wakefield analandidwa chilolezo chogwirira ntchito ya udokotala ku Britain. Komabe mphekesera inali itapita kale patali, pakuti bodza limayenda usiku pamene choonadi chikudikira kuti kuche.

Mantha ena ndi akale kwambiri. Edward Jenner atayesa katemera wa nthomba mu 1796, pogwiritsa ntchito mafinya a nthenda yopepuka ya ng'ombe, anthu ena ankajambula zithunzi za anthu akumera nyanga. Boma la England litalamula mu 1853 kuti makanda onse atemeredwe, osauka ambiri anakana, popeza chindapusa ndi ndende zinkagwera iwo koposa olemera. Mu 1885 khamu lalikulu linachita chionetsero mu mzinda wa Leicester, ndipo mu 1898 lamulo linasinthidwa kuti kholo lokana chifukwa cha chikumbumtima lizipatsidwa kalata yoliloleza. Biss akuonanso kuti buku lotchuka la Bram Stoker la mu 1897, Dracula, lonena za chilombo chochokera ku dziko lachilendo choboola khungu ndi kuyamwa magazi, linalembedwa m'nyengo yomweyo ya mantha a nthenda ndi a singano. Omvera a m'maboma a kummwera kwa Malawi, amene akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ndi anthu osalakwa amene anaphedwa chifukwa cha izo, adziwa kuti mantha a mlendo wodzatenga magazi sali a mtundu umodzi wa anthu.

Chitetezo chogawana

Kuti mfundo ya Biss imveke, nkofunika kulongosola mmene katemera amagwirira ntchito. Thupi la munthu lili ndi asilikali ake m'magazi, amene akakumana ndi kachilombo kachilendo amaphunzira maonekedwe ake nakonza zida zokagonjetsera. Katemera ndi kachilombo kofooketsedwa, kapena kophedwa, kapena kachidutswa chabe ka iko, kamene kamaphunzitsa asilikali aja popanda kudwalitsa munthu nthenda yeniyeniyo. Tsiku limene mdani weniweni adzafika, adzapeza kuti akudziwika kale.

Koma phindu la katemera silithera pa thupi la wobayidwa yekha. Kachilombo kamakhala ndi moyo podumpha kuchoka pa munthu wina kupita pa wina, monga mmene moto wa m'chilimwe umadumphira kuchoka pa tsekera kupita pa tsekera. Anthu a m'mudzi akalambula udzu mozungulira nyumba ndi nkhokwe zawo, moto umafika pa dothi loyera nuzima, ndipo ngakhale nyumba ya nkhalamba imene inalibe mphamvu zolambulira imapulumuka chifukwa anansi ake analambula. Chimodzimodzi, anthu ambiri akatemeredwa, kachilombo kamasowa njira, ndipo amene sangathe kulandira katemera amatetezedwa ndi matupi a anzawo. Otere ndi makanda amene sanafike msinkhu wobayidwa, odwala khansa amene akulandira mankhwala amphamvu, ndi ena amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinafooka. Pa chikuku, chimene chimafala msanga koposa nthenda zambiri, pamafunika kuti anthu pafupifupi 95 mwa 100 aliwonse atemeredwe kuti moto usadutse.

Biss anaphunzira zimenezi ndi thupi lake lomwe. Atabereka anataya magazi ambiri, ndipo anapulumuka chifukwa cha magazi a anthu ena amene sanawaonepo ndipo sadzawadziwa. Kuyambira pamenepo anasiya kuganiza kuti thupi la munthu ndi nyumba ya mpanda imene mwini wake amakhalamo yekha. Anaona kuti umoyo wa mwana wake udalira pa zimene makolo ena asankha, ndi kuti umoyo wa ana a enawo udaliranso pa zimene iye asankha. Mu 2008 mu mzinda wa San Diego mnyamata wosatemeredwa anabwera ndi chikuku kuchokera ku Switzerland napatsira ana ena 11, ndipo ena mwa iwo anali makanda amene anali asanafike msinkhu wolandira katemera. Makolo a makandawo sanasankhe kanthu; wina anawasankhira.

Anthu onga ife

Pamene nkhani ya katemera ikukumana ndi nkhani ya khungu ndi pa katemera wa nthenda ya chiwindi yotchedwa hepatitis B. Biss akusimba kuti ali woyembekezera anapita kwa dokotala wina wa ana kukafunsa za katemera ameneyu. Dokotalayo anamuuza kuti asade nkhawa, popeza katemerayo anakonzera ana a m'madera osauka a mkati mwa mizinda, ana a amayi ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo ndi a amayi oyendayenda, osati anthu onga iye. Ku America, munthu akanena za madera amenewo, omvera amadziwa kuti akunena makamaka za anthu akuda ndi osauka. Dokotalayo sanadziwe mbiri ya moyo wa mayiyu. Anangoona khungu lake loyera ndi kavalidwe kake. Ndipo Biss akuulula, mosadzikometsera, kuti pa nthawiyo mawuwo anamukhazika mtima pansi.

Mbiri ya katemera ameneyu imatsutsa dokotala uja. M'zaka za m'ma 1980 akuluakulu a zaumoyo ku America ankapereka katemerayu kwa magulu okhawo amene ankaganiziridwa kuti ali pa ngozi, koma nthendayo sinachepe monga ankayembekezera, popeza ambiri odwala sankadziwa kumene anaitenga. Mu 1991 analangiza kuti makanda onse azilandira, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero cha ana odwala chinatsika kwambiri. Kachilombo sikadziwa malire amene anthu amalemba pakati pa "ife" ndi "iwo".

Kafukufuku wina amene anasindikizidwa mu 2004 ndi ofufuza a bungwe la boma la CDC anaonetsa chinthu chimene chinadabwitsa ambiri. Ana amene sanalandire katemera ndi mmodzi yemwe anali kawirikawiri oyera khungu, a amayi okwatiwa, ophunzira mpaka ku koleji, a m'mabanja opeza bwino. Koma ana amene analandira katemera wina naphonya wina anali kawirikawiri akuda, a amayi achitsikana osakwatiwa, a m'mabanja osauka. Oyambawo anakana mwadala. Achiwiriwo analephera chifukwa cha mtunda, kusamukasamuka, ntchito yosalola tchuthi, ndi kusowa ndalama. Tsono mwana wa wolemera akatenga chikuku pa ulendo wa kunja nabwera nacho, amene ali pa ngozi yaikulu ndi mwana wa wosauka uja, amene katemera wake ndi wosakwanira, ndipo akadwala chithandizo chake n'chovuta kuchipeza.

Biss akuika zimenezi pambali pa mbiri yakale kuti kusintha kwake kuoneke. Nthomba itabuka mu 1898 m'tauni ya Middlesboro ku Kentucky, anthu a m'dera la akuda amene ankakana katemera anatemeredwa ataloza mfuti. M'mizinda ikuluikulu apolisi ankaperekeza otemera m'nyumba za alendo osauka ochokera ku maiko ena. Kale, akutero mlembiyu, matupi a osauka ndiwo ankakakamizidwa kuti olemera atetezeke. Lero zinthu zingathe kutembenuka: amene ali ndi mwayi angapereke matupi awo mwaufulu kuti ofooka atetezeke. Kwa iye, kubayitsa mwana wathanzi wa m'banja lopeza bwino ndi njira imodzi yobwezera ngongole.

M'mbiri yomweyi muli chinthu china chimene chinaiwalika kwa zaka zambiri. Luso lotema khungu ndi kuikamo mafinya pang'ono a wodwala nthomba, kuti munthu adwale mopepuka natetezeke moyo wake wonse, linkadziwika ku Africa, ku India, ku Turkey ndi kwina Jenner asanabadwe. Ku Boston, amene anaphunzitsa mbusa Cotton Mather luso limeneli anali kapolo wake wochokera ku Africa, amene anapatsidwa dzina lakuti Onesimus. Pa mliri wa 1721 anthu 844 anafa mwa pafupifupi 6,000 amene anadwala, koma mwa anthu oposa 240 amene dokotala Zabdiel Boylston anawatema, anafa 6 okha. Ena mwa otsutsa ankanyoza njirayo chifukwa inachokera m'kamwa mwa akapolo, ndipo wina anaponya bomba m'nyumba ya Mather. Liwu lakuti katemera, lochokera ku kutema monga mmene amatemera mphini, likukumbutsa kuti chiyambi cha luso limeneli chinali kampeni ndi khungu, ndipo sichinali cha azungu okha.

Mitengo ya lamya ndi ngongole

Kuti munthu amvetse chifukwa chake Biss anagwidwa mtima ndi mawu a dokotala uja, ayenera kubwerera ku buku lake la 2009. Chimangirizo choyamba cha m'bukumo chimayamba ngati mbiri wamba ya lamya: Alexander Graham Bell anaipanga mu 1876, ndipo m'zaka zotsatira mitengo yonyamula mawaya inadzalidwa m'misewu ya America yense. Pofufuza m'nyuzipepala zakale nkhani za mitengo imeneyi, mlembiyu anapeza zimene sanaziyembekeze: nkhani zambirimbiri za anthu akuda amene magulu a azungu anawapachika pa mitengo yomweyo popanda kuweruzidwa m'bwalo la milandu. Chida chimene chinapangidwa kuti chilumikize anthu chinasanduka mtanda. Biss sakuwonjezera ndemanga zambiri. Akungondandalika nkhanizo, imodzi pambuyo pa inzake, mpaka wowerenga sangathenso kuyang'ana mtengo wa lamya monga kale.

M'chimangirizo china akusimba za kusamukira kwake ku Rogers Park, dera la ku Chicago kumene kumakhala anthu a mitundu yosiyanasiyana. Anzake oyera khungu ankamuchenjeza za ngozi, ngakhale amene sanapondeko. Iye anazindikira kuti mantha otere sali osalakwa, pakuti amene amaopedwa ndiye amavutika: mnyamata wakuda amaimitsidwa ndi apolisi, amathawidwa pa msewu, amakanizidwa nyumba. Mantha a munthu wamwayi amalipiridwa ndi munthu wina. Mfundo imeneyi ndi yomwe ikubweranso m'buku la katemera, pamene mantha a mayi wophunzira akulipiridwa ndi khanda la mnansi wake.

Mu 2015 analemba m'magazini ya New York Times chimangirizo chotchedwa White Debt. Mmenemo akukumbutsa kuti m'Chijeremani liwu limodzi limatanthauza ngongole ndiponso kulakwa, monga mmene liwu lakuti mangawa limagwirira ntchito m'mapemphero a Chichewa. Mfundo yake ndi yakuti mzungu wa ku America wa lero sanagule kapolo, koma akukhala m'nyumba, m'sukulu ndi m'malamulo amene anamangidwa pa thukuta la akapolo ndi pa malo olandidwa kwa eni dziko. Sakupempha anzake kuti azingolira ndi manyazi, pakuti manyazi sabweza kanthu. Akuwapempha kuti akumbukire kuti zimene akuziyesa zawozawo zina n'zobwereka, ndi kuti wangongole woona mtima amafunafuna njira yobwezera.

Pamene kukayika kuli ndi maziko

Kungakhale kusalungama kunena kuti aliyense wokayikira achipatala ndi wosadziwa. Kuyambira 1932 mpaka 1972 nthambi ya zaumoyo ya boma la America inachita kafukufuku ku Tuskegee, m'chigawo cha Alabama, pa amuna akuda 600, ndipo 399 mwa iwo anali ndi chindoko. Sanauzidwe dzina la nthenda yawo, ndipo ngakhale mankhwala a penisilini atapezeka m'zaka za m'ma 1940, sanapatsidwe, kuti madokotala aone mmene nthendayo imawonongera thupi. Pulezidenti Bill Clinton anapepesa mu 1997. Akale anati mlandu suola, ndipo mpaka lero dzina la Tuskegee limatchulidwa pamene akuda a ku America akufotokoza chifukwa chake sakhulupirira msanga mawu a chipatala.

Biss akukambanso za Nigeria ndi Pakistan. Mu 1996, pa mliri wa nthenda youmitsa khosi mu mzinda wa Kano, kampani ya Pfizer inayesa mankhwala atsopano otchedwa Trovan pa kafukufuku wa ana pafupifupi 200. Ana 11 anafa. Kampaniyo inati anafa ndi nthendayo, koma makolo anadandaula kuti sanauzidwe bwino kuti ana awo akuyesedwa, ndipo mu 2009 kampaniyo inavomera kupereka chipukutamisozi. Mu 2003 atsogoleri ena a kumpoto kwa Nigeria analetsa katemera wa poliyo, ponena kuti muli mankhwala oletsa kubereka. Zimenezo zinali zabodza, koma zinamera pa nthaka yothiridwa kale manyowa. Katemera anayambiranso ku Kano mu 2004, koma m'zaka zimenezo poliyo anafalikira ku maiko pafupifupi 20 amene anali atamuthetsa. Ku Pakistan, mu 2011, bungwe la akazitape la America la CIA linakonza katemera wachinyengo m'tauni ya Abbottabad pofunafuna Osama bin Laden. Chinsinsicho chitaululika, kukayika kunakula, ndipo kuyambira mu 2012 ogwira ntchito yotemera ana, ambiri a iwo amayi, anayamba kuphedwa ndi zigawenga.

Zotsatira zake sizinathere ku Asia. Mu August 2020 chigawo cha Africa chinalengezedwa kuti chathetsa poliyo wachilengedwe. Koma mu February 2022 boma la Malawi linalengeza kuti mwana wa zaka 3 wa ku Lilongwe wapuwala ndi kachilombo kameneka, ndipo akatswiri atakayeza anapeza kuti mtundu wake ndi wofanana ndi umene unkazungulira ku Pakistan. Chaka chomwecho ana ena anapezeka nako m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Panafunika kutemera ana mamiliyoni ambiri m'Malawi, Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, khomo ndi khomo, mpaka mliriwo unalengezedwa kuti watha mu 2024. Mwana wa ku Lilongwe uja sanapiteko ku Pakistan. Chimene chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo m'masiku ano a ndege mnzakoyo angakhale ali kutsidya kwa nyanja.

Katemera nayenso ali ndi mbiri ya zolakwika zake, ndipo kuzibisa sikuthandiza. Mu 1955 ku America, katemera wa poliyo wopangidwa ndi kampani ya Cutter anatuluka ndi kachilombo kamoyo chifukwa cha kulakwitsa pokonza. Ana pafupifupi 200 anapuwala ndipo anthu 10 anafa. Mu 1999 katemera wina wa nthenda yotsegula m'mimba anachotsedwa pa msika atapezeka kuti akupotokola matumbo a makanda ochepa. Koma nkhani ziwirizi zikuonetsanso kuti zolakwazo zinagwidwa, zinalengezedwa poyera, ndipo malamulo oyesera katemera anakhwimitsidwa. Pa mbali inayo pali nthomba, imene inapha anthu mamiliyoni mazana m'zaka za m'ma 1900 zokha, ndipo wodwala womaliza woitenga mwachilengedwe anapezeka ku Somalia mu 1977, dziko lisanalengeze mu 1980 kuti yatheratu. Achikulire ambiri akadali ndi chipsera chake pa mkono, pamene adzukulu awo sadziwa n'komwe nkhope ya munthu wogwidwa ndi nthomba.

Phunziro limene likutuluka pa zonsezi n'lakuti mantha sali amtundu umodzi, ndipo mankhwala ake sangakhale amodzi. Mantha a munthu amene makolo ake ananamizidwa ndi boma amachira ndi choonadi, ndi kupepesa, ndi ogwira ntchito a chipatala amene amalankhula chinenero chake namulemekeza. Vuto la mayi wosauka amene waphonya tsiku la sikelo limachira ndi chipatala chapafupi ndi mankhwala osasowa. Koma mantha a munthu wamwayi, amene sanaonepo mwana akufa ndi chikuku chifukwa anansi ake onse anatemera ana awo, amachira pokhapokha iye atavomera kuti chitetezo chimene akukhalamo anachilandira kwa ena.

Buku la On Immunity litangotuluka, mu December 2014, chikuku chinabuka pa malo achisangalalo a Disneyland ku California nichifalikira ku zigawo zina. America anali atalengeza mu 2000 kuti chikuku chatha m'dzikomo, koma mu 2019 anthu oposa 1,200 anadwala, ndipo mu 2025 chiwerengero chinaposa pamenepo. Ku Texas ana awiri osatemeredwa anamwalira. Pakati pa zaka zimenezi panadutsa mliri wa COVID-19, umene ku America unagwera akuda ndi osauka mwamphamvu koposa, nubweretsanso mikangano yomwe ija ya singano ndi ufulu wa munthu pa thupi lake.

Eula Biss si dokotala, ndipo buku lake silinathetse mkanganowo. Analilemba ali pakati pa amayi ophunzira a m'dziko lolemera, ndipo mavuto a mayi woyenda makilomita khumi ndi mwana kumbuyo kuti akapeze katemera sali pakati pa nkhani yake. Komabe chimene anachiona chikugwira ntchito kulikonse kumene kuli mzere wa amayi pa khomo la chipatala. Mayi aliyense wa pa mzerewo amaganiza kuti wabwerera mwana wake yekha, ndipo akunena zoona. Koma pamene namwino akulemba m'kabuku ka sikelo, khanda la masabata awiri la m'nyumba yoyandikana nalo, limene silinafike msinkhu wobayidwa, nalonso latetezedwa, ngakhale mayi wake sadzadziwa woti amuthokoze.